Mayi Esther Mahlangu ndi Luso Lochokera pa Khoma la Dothi

Mzinda wa Johannesburg uli ndi makoma ambiri ojambulidwa zithunzi, ndipo ena mwa iwo ndi otchuka ndithu. Ku Braamfontein, mumsewu wa Juta, Shepard Fairey wa ku America anajambula nkhope ya Nelson Mandela mu 2014. Ku Maboneng, Ricky Lee Gordon anajambula Mandela yemweyo akadali mnyamata woponya nkhonya, pa khoma la nyumba yosanja. Ndipo ku Soweto nsanja ziwiri za Orlando, zomwe kale zinali mbali ya malo opangira magetsi, zinapakidwa zithunzi zooneka munthu akadali kutali. Koma pali kajambulidwe kena kamene timakumana nako kawirikawiri kuposa zonsezi: mizere yakuda yokandapala pa khoma loyera, yotchinga zigawo za ngodya zitatu kapena zinayi zodzazidwa ndi utoto wofiira, wachikasu, wobiriwira ndi wabuluu. Timakaona pa mipanda, pa nsalu, pa makapu ndi m'masitolo ogulitsa zinthu kwa alendo. Kameneka ndi kajambulidwe ka amayi a Chindebele, ndipo amene anakatulutsa m'mudzi n'kukafika nako ku Paris, ku Washington ndi ku London ndi Mayi Esther Mahlangu.

Amalawi ambiri a kuno ku Joni timadya za burashi ndi ndowa ya penti. Ena amapenta nyumba za mabwana ku Sandton ndi ku Randburg, ena amalemba zikwangwani za masaluni ndi timagolosale ku Yeoville ndi ku Rosettenville, ndipo pafupifupi tonse tinakulira m'nyumba zomwe amayi athu ankazira ndi manja awo. N'chifukwa chake ndikuona kuti mbiri ya mayi ameneyu tiyenera kuimvetsa mozama, osangoti tidziwe kuti ndi gogo wotchuka wovala mikanda ndi mphete zamkuwa m'khosi. M'moyo wawo muli funso lomwe aliyense wojambula pa khoma amakumana nalo: kodi ntchito imene singanyamulidwe, imene mvula imaifufuta, ndiponso imene ili pa nyumba ya mwini wake, ingamupatse bwanji munthu dzina ndi chakudya?

Tiyambe ndi anthu ake. Andebele tikunena pano si a ku Bulawayo aja, koma a ku Mpumalanga ndi Gauteng, omwe ali m'magulu akuluakulu awiri, a Ndzundza ndi a Manala. Mu 1882 boma la Mabunu la Transvaal linathira nkhondo a Ndzundza chifukwa mfumu yawo Nyabela inakana kupereka Mampuru, amene anathawira kwa iyo ataphetsa Sekhukhune, mfumu ya Apedi. A Ndzundza anabisala m'mapanga a kufupi ndi komwe lero kuli tauni ya Roossenekal, ndipo asilikali a Piet Joubert anawazinga kwa miyezi isanu ndi itatu mpaka njala inawagonjetsa mu 1883. Chilango chake chinali chowawa kwambiri: malo awo anagawidwa kwa Mabunu, mfumu inaponyedwa m'ndende, ndipo mabanja anamwazidwa m'mafamu kuti akagwire ntchito yokakamizidwa kwa zaka zisanu. Amene anamva kwa agogo awo za thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu sangavutike kumvetsa moyo umenewu. Zaka zisanuzo zitatha, ambiri analibe kobwerera, motero iwo ndi ana awo anakhalabe anthu ogwira ntchito pa malo a eni.

M'mafamu amenewa ndi mmene luso lojambula pa makoma linakulira. Banja lokhala lokhalokha pakati pa munda wa Mzungu, lopanda mfumu pafupi ndiponso lopanda malo otchedwa ake, linali ndi chinthu chimodzi chooneka patali chonena kuti pano pali Andebele, ndicho khoma la nyumba ndi mpanda wa bwalo lake. Poyamba amayi ankamata khomalo ndi dothi losakaniza ndi ndowe za ng'ombe, n'kukoka mizere ndi zala dothilo likadali lonyowa. Kenaka anayamba kuthirapo mitundu yochokera m'nthaka: dothi lofiira, lachikasu ndi lotuwa, makala ndi mwaye wa pamoto, komanso njereza. Mitundu yowala imene lero anthu amaiyesa yachikhalire inafika mochedwa, penti wa m'sitolo atayamba kupezeka cha m'ma 1940 ndi zaka zotsatira. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa ikusonyeza kuti kajambulidweka si kachikale kosasintha ayi. Amayiwo ankaika pa khoma zomwe ankaona akapita kukagwira ntchito ku Pretoria ndi ku Johannesburg: ndege, mababu a magetsi, masitepe a nyumba zosanja, zilembo za manambala a galimoto, ngakhale lezala, amene maonekedwe ake anasanduka chimodzi mwa zizindikiro zodziwika kwambiri za luso limeneli. Mayi wopanda magetsi m'nyumba ankajambula babu pamwamba pa khomo lake.

Mayi Mahlangu anabadwa pa 11 Novembala 1935 pa famu ina kufupi ndi Middelburg, ndipo anayamba kugwira utoto ali ndi zaka khumi, akuonera amayi awo ndi agogo awo. Iwo eni amafotokoza kuti akuluakuluwo akapita kukapuma, ankatenga utoto n'kupitiriza pomwe asiyira, ndipo akabwerako ankawadzudzula chifukwa mizere yawo inali yokhota. Pomalizira pake anawapatsa khoma la kuseri kwa nyumba, komwe alendo safikako, kuti aziphunzirirapo, ndipo tsiku limene anawalola kujambula kumaso kwa nyumba ndi limene anadziwa kuti dzanja lawo lakhwima. Nkhaniyi ikutionetsa kuti panali sukulu ndithu, yokhala ndi aphunzitsi, malo oyeserera ndi mayeso, ngakhale kuti inalibe satifiketi. Mtsikana ankayenera kulidziwa lusoli asanakwatiwe, popeza mkazi ndiye ankakongoletsa nyumba yake, ndipo anthu ankamuyesa pa khoma lakelo. Nyumba inkajambulidwanso mwatsopano pa nthawi zikuluzikulu, monga ukwati kapena mwana wamwamuna akapita kukavinidwa.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'koyenera kukaonetsetsa bwino. Khoma limayamba lapakidwa loyera. Kenaka wojambula amakoka mizere yakuda, kuyambira ndi malire a kunja n'kumalowa mkati, kugawa khomalo m'zigawo zomwe za kumanja zimafanana ndi za kumanzere, ndipo khomo kapena zenera limakhala pakati pa zonsezo. Mitundu imalowa pomalizira, chigawo chilichonse mtundu umodzi wosasakaniza, wopanda mthunzi. Mayi Mahlangu sagwiritsa ntchito rula, tepi kapena chingwe, ndipo sajambula kaye papepala. Burashi yawo yodziwika ndi nthenga za nkhuku zomangidwa pamodzi. Aliyense amene anapentapo mzere wolekanitsa khoma ndi siling'i popanda kumatapo tepi akudziwa kuti dzanja limanjenjemera penti akamatha pa burashi, ndipo pomwe wanyamula burashi kukaviika n'kubwereranso pamaoneka chilema. Nthenga imanyamula penti wochepa kuposa burashi, ndiye kuti mzere wa mamita atatu umafuna kuviika kambirimbiri, koma uyenera kutuluka wofanana kunenepa kwake kuyambira poyamba mpaka pomalizira. Chovuta kwambiri n'chakuti wojambula ali pafupi ndi khoma moti sangaone chithunzi chonse. Muyeso wa khoma lonselo uyenera kukhala m'mutu mwake asanakoke mzere woyamba.

Kuyambira 1980 mpaka 1991 Mayi Mahlangu ankagwira ntchito ku Botshabelo, kufupi ndi Middelburg, pamalo omwe kale anali mishoni ya Ajeremani yoyambitsidwa mu 1865, pomwe panamangidwa mudzi woonetsa alendo chikhalidwe cha Chindebele. Apa pali chinthu chosautsa chimene sitiyenera kuchibisa. Boma la tsankho linkakonda nyumba zamitundumitunduzi chifukwa zinkakongoletsa timabuku tokopa alendo, ndiponso zinkagwirizana ndi chiphunzitso chake chakuti mtundu uliwonse ukhale kwaokha. Pa nthawi yomwe alendo ankajambula makoma okongolawo ndi makamera awo, Andebele ambirimbiri ankasamutsidwira ku KwaNdebele, chigawo chouma chomwe bomalo linawadulira, komwe mu 1986 kunabuka ziwawa zomwe zinaphetsa anthu ambiri pokana ufulu wachinyengo umene linkafuna kuwapatsa. Luso lomwe linakula posonyeza kuti anthu sanafafanizike linagwiritsidwanso ntchito ndi omwe anawalanda malo. Komabe ntchito ya ku Botshabelo ndiyo inawapatsa Mayi Mahlangu mpata wojambula chaka chonse ndi kulandira malipiro, chinthu chimene amayi a m'mafamu analibe.

Njira yopita kunja inatseguka Afalansa ofufuza za luso ataona nyumba yawo n'kuwaitanira ku chionetsero cha Magiciens de la Terre, chomwe chinachitika ku Paris mu 1989 motsogozedwa ndi Jean-Hubert Martin. Chionetserochi chinasonkhanitsa amisiri pafupifupi 100, theka ochokera ku Ulaya ndi ku America, theka ochokera ku Africa, ku Asia ndi madera ena, n'cholinga chowaika pa mlingo umodzi. Popeza khoma la ku Mpumalanga silikanatha kukwera ndege, anawamangira nyumba yofanana ndi yawo ku Paris komweko, iwo n'kuijambula. Anali ndi zaka zoposa 50.

Kumanga nyumba yatsopano pa chionetsero chilichonse sikukanatheka, ndipo apa ndi pomwe pagona phata la mbiri yawo. Chithunzi cha pa khoma la dothi chimakhala nyengo imodzi kapena ziwiri. Mvula ya dzinja ikachikokolola, mayi amachiyambiranso m'chilimwe. Sichigulitsidwa, sichisungidwa, ndipo sichilembedwa dzina, chifukwa aliyense wa m'deralo akudziwa kale mwini nyumbayo. Mayi Mahlangu anali m'gulu la oyamba kusamutsira kajambulidweka pa nsalu yolimba yojambulapo, pogwiritsa ntchito penti wa akiriliki, ndi kulembapo dzina lawo ndi chaka. Kusintha kumeneku kumaoneka kochepa koma kunasintha zonse. Chithunzi chinayamba kunyamulika, kukhala ndi mtengo, kulowa m'nyumba zosungiramo zaluso, ndiponso kukhala ndi mwini wodziwika. Mayi wosapita kusukulu anatha kudyetsa banja lake ndi nzeru zomwe anaphunzira kuseri kwa nyumba.

Panalinso zotayika. Pa nyumba, mizere imatsatira khomo, zenera, ngodya ndi kampanda ka bwalo, ndipo munthu amalowa m'chithunzicho ndi thupi lake, kudutsa pachipata mpaka pakhomo. Pa nsalu ya ngodya zinayi yopachikidwa m'chipinda choyera zonsezi kulibe. Chimene chinkauza odutsa kuti m'banja muno mwana wavinidwa chimasanduka chokongoletsa chabe kwa wogula wosadziwa mbiri yake. Ndiponso dzina limodzi likakwera, mayina a amayi ena ambirimbiri amene ankajambula mofananamo amatsalira mumdima. Ena ochepa anadziwikako, monga Francina Ndimande, komanso Emmly ndi Martha Masanabo omwe zojambula zawo zinaikidwa pa zipsepse za kumchira kwa ndege za British Airways mu 1997, koma ambiri anamwalira makoma awo atagwa kale. Ine ndimaona kuti Mayi Mahlangu anasankha bwino ngakhale zili choncho, pakuti nyumba zadothi zinali zikutha kale, mabanja akusamukira m'nyumba za njerwa ndi malata, ndipo luso lokhala pa dothi lokha likanatha pamodzi ndi dothilo.

Mu 1991 kampani ya BMW inawapempha kujambula galimoto ya mtundu wa 525i, yomwe inakhala ya nambala 12 pa mndandanda wa magalimoto ojambulidwa ndi amisiri otchuka, umene unayamba ndi Alexander Calder mu 1975 ndipo muli Roy Lichtenstein ndi Andy Warhol. Iwo anali mayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa mndandandawo. Galimoto si khoma: ndi yopindikapindika, ili ndi zitseko, magalasi ndi matayala, ndipo mzere wowongoka ukadutsa pa malo okhota umaoneka wopindika ngati wojambula sanauwongolere ndi diso. Anaijambula yonse mpaka ku mawilo, monga momwe akanachitira ndi nyumba. Pambuyo pake ntchito zinabwera motsatizana: khoma la National Museum of Women in the Arts ku Washington mu 1994, zithunzi zikuluzikulu za Virginia Museum of Fine Arts mu 2014, mabotolo a mowa wa Belvedere mu 2016 pa ntchito yosonkhetsa ndalama zolimbana ndi Edzi, ndi mkati mwa galimoto ya Rolls-Royce Phantom mu 2020.

Alipo amene amadandaula kuti luso la m'mudzi lasanduka chida chotsatsira malonda a anthu olemera, ndipo dandaulo lawo si lopanda pake. Koma kwa ine vuto lalikulu silili pa makampani omwe anafika pakhomo pawo, kupangana nawo mtengo ndi kutchula dzina lawo. Lili pa ambiri omwe amatenga mizereyo pa intaneti, kuisindikiza pa nsalu, nsapato ndi mapaketi, osalipira kapena kutchula aliyense, podalira kuti kajambulidwe ka mtundu wonse kalibe mwini mmodzi amene angawasumire. Malamulo a umwini wa zaluso amateteza mosavuta chithunzi chimodzi chokhala ndi dzina la wochijambula kusiyana ndi nzeru zomwe amayi a dera lonse anasiyirana kwa mibadwo ingapo. Dzina lolembedwa pakona pa nsalu lija ndilo linawapatsa Mayi Mahlangu pogwira.

Wojambula pa makoma a Johannesburg lero ali ndi zida zomwe amayi a ku Mpumalanga analibe, koma mavuto ake ndi omwewo. Amakwera pa makwerero achitsulo kapena pa galimoto yonyamula munthu m'mwamba, amagawa khoma m'timabokosi kuti akulitse chithunzi cha papepala, ena amaunikira chithunzicho pa khoma usiku ndi pulojekita n'kutsatira mizere yake, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito penti wopopera wa m'zitini. Komabe khomalo ndi la mwini, ndipo iye akagulitsa nyumba kapena akapeza kampani yofuna kuikapo chikwangwani, ntchito ya milungu ingapo imakwiriridwa tsiku limodzi. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho dzuwa lake limasulutsa utoto msanga, makamaka pa makoma oyang'ana kumpoto, ndipo wofiira ndi wachikasu ndiwo amayamba kufooka. Mvula ya mabingu ndi matalala ya m'dzinja imamaliza zotsalazo. Mmisiri aliyense wa penti angakuuzeni kuti pulasitala wosauma bwino kapena khoma lokoka chinyezi kuchokera pansi limatupitsa penti n'kumukanganula, kaya wojambulayo ndi wotchuka chotani. N'chifukwa chake ojambula ambiri a mumzinda muno amachita zomwe Mayi Mahlangu anachita: khoma limawadziwikitsa, koma chakudya chimachokera ku nsalu zogulitsa, zithunzi zosindikiza ndi makontirakiti a makampani.

Kwathu nakonso luso la amayi pa khoma lilipo, kungoti sitinalipatse ulemu. Ku Dedza, m'mapiri a Chongoni, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira ndi za Akafula, koma zambiri mwa zoyera ndi za Achewa, ndipo zina mwa izo zinajambulidwa ndi amayi pophunzitsa atsikana m'chinamwali. M'midzi yambiri mpaka lero, mvula ikatha, amayi amakatapa dothi la makande kudambo, la katondo kumtunda, amatenga phulusa ndi njereza, n'kuzira khonde ndi kukongoletsa chipupa ndi mizere, maluwa kapena madontho a zala. Timati akusamalira pakhomo, sitinena kuti akujambula. Amayi a Chindebele nawonso ankaonedwa choncho kwa zaka zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kunapezeka anthu ojambula makomawo ndi kamera, olemba za iwo, ndi mayi mmodzi wolimba mtima amene anavomera kukwera ndege kupita kudziko losadziwa chinenero chake.

Dziko lawo linawalemekeza pang'onopang'ono. Mu 2006 analandira mendulo yasiliva ya Order of Ikhamanga, imene boma la South Africa limapereka kwa ochita bwino pa zaluso, chikhalidwe ndi masewera, ndipo mu Epulo 2018 University of Johannesburg inawapatsa digiri yaulemu ya udokotala. Kutchuka sikunawachotse kumudzi: anakhalabe ku Mabhoko, kufupi ndi Siyabuswa, ndipo kumeneko mu Malichi 2022 wakuba anawalowera m'nyumba, kuwavulaza ndi kuwabera, ali ndi zaka 86. Nkhaniyi inakwiyitsa anthu ambiri, ndipo inaonetsa poyera kuti mayi amene zithunzi zake zili m'manyumba otetezedwa a ku Ulaya ankagona mopanda chitetezo monga gogo wina aliyense wa kumudzi.

Chionetsero chachikulu cha ntchito za moyo wawo wonse, chokonzedwa ndi Nontobeko Ntombela, chinatsegulidwa ku Iziko South African National Gallery ku Cape Town mu Febuluwale 2024, kenaka chinabwera ku Wits Art Museum ku Braamfontein kumapeto kwa chaka chomwecho mpaka mu 2025. Munali ntchito zoposa 100, kuyambira za mikanda mpaka nsalu zikuluzikulu, ndiponso BMW ya 1991 ija, yomwe inabwerera ku South Africa patatha zaka zoposa 30 ili kunja. Makoma enieni omwe anajambula ali mtsikana munalibemo, ndipo sakanakhalamo. Chotsala cha makoma amenewo chili m'manja mwa ana omwe Mayi Mahlangu akhala akuwaphunzitsa pa sukulu imene anatsegula pakhomo pawo ku Mabhoko, komwe amaphunzira kuluka mikanda ndi kukoka mzere wowongoka popanda rula. Ana amenewa akukulira m'nyumba za simenti zomwe sizifuna kumatidwa chaka ndi chaka, motero ambiri mwa iwo adzajambula pa nsalu, pa makoma a masukulu ndi a mahotela, kapena pa zinthu zomwe makampani adzawapatse, ndipo adzayenera kuphunzira kuwerenga kontirakiti asanaviike nthenga mu penti.